NTHAKA YAMOYO IMAPIRIRA CILALA

Ambiri a ife tikukumbukira cilala ca 1991/92, pamene cimanga cinauma cisanabereke ndipo midzi yambiri inapulumukira cimanga cacikasu cocokera kunja. Ana amene anabadwa caka cimeneco tsopano ali ndi mabanja ao, ndipo naonso aciona cilala ndi maso ao. M'nyengo ya 2023/24 mvula inadula cimanga ciri pakati pa kukula. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lagwa m'tsoka la cilala. Mwa mahekitala 2.2 miliyoni a cimanga amene anabzalidwa, pafupifupi mahekitala 1 miliyoni anaonongeka.

Amene anayenda m'minda masiku amenewo anaona cinthu cimodzi coyenera kucilingalira. Minda iwiri yoyandikana, yolandira mvula imodzimodzi, sinali kufota tsiku limodzi. M'munda wina cimanga cinapota masamba msanga, pamene m'munda wina cinakhalabe cobiriwira masiku ena angapo. Nthawi zina masiku ocepawo ndiwo amafikitsa mbeu pa mvula yotsatira. Kusiyana kumeneku kumacokera pansi, m'nthaka. Kapepala kano kakufotokoza zimene akatswiri a maiko osiyanasiyana aphunzira za nthaka, pogwira nchito pamodzi ndiponso pamodzi ndi alimi a kuno Kum'mawa.

KODI NYENGO NDI NTHAKA ZIGWIRIZANA BWANJI?

Cilala ca 1991/92, ca 2015/16 ndi ca 2023/24 zinadza m'zaka zimene madzi a nyanja yaikulu ya Pacific, kufupi ndi dziko la Peru, anatentha kuposa masiku onse. Cimeneci acicha El Niño. Cikacitika, mphepo zonyamula mvula zimasintha njira, ndipo kawirikawiri kum'mwera kwa Afirika mvula imacepa. El Niño ndi wakalekale. Cacilendo ndi cakuti masiku ano amapeza dziko litatentha kale.

Kutenthako kwadza cifukwa ca mpweya wa kaboni umene umatuluka potentha malasha, mafuta a galimoto ndi nkhalango. Mpweyawu ukaculuka kumwamba umasunga kutentha monga bulangete. Asanayambe mafakitale akuluakulu, m'magawo 1 miliyoni a mpweya munali magawo 280 a mpweya wa kaboni. Pofika 2024 anapitirira 420, ndipo caka ca 2024 cinatentha kuposa zaka zonse zam'mbuyo zimene zinalembedwa. Afirika yense amatulutsa pafupifupi magawo 4 okha pa 100 a mpweya wocokera ku malasha ndi mafuta, koma dzuwa silisankha munda.

Nanga nthaka ilowapo pati? Mbeu ndi mitengo zimakoka mpweya wa kaboni ndi masamba ao, ndi kumanga nao mizu, mapesi ndi nthambi. Zimenezi zikaola, gawo lina limatsala m'nthaka. Ndilo lija limadetsa dothi la pansi pa mtengo kapena la pa khola lakale. Akatswiri anawerengera napeza kuti nthaka ya dziko lonse lapansi ikusunga kaboni wambiri kuposa amene ali mumlengalenga ndi m'zomera zonse pamodzi. Munda ukatenthedwa caka ndi caka, ndi kusiyidwa pamtetete, kaboniyo amathawira kumwamba. Mlimi amataya conde, ndipo dziko limaonjezera kutentha. Conco bvuto la nthaka yoguga ndi bvuto la nyengo ziri ndi muzu umodzi.

ANCHITO A PANSI PA NTHAKA

Tikanyamula dothi labwino m'dzanja, timakhala tanyamula zamoyo zoculuka kuposa anthu onse a pa dziko lapansi. Zambiri sizioneka ndi maso. Tichule magulu anai.

Loyamba ndi la nyongolotsi, ciswe, abongololo ndi nyerere. Izi zimadula zinyalala, kuzikokera pansi, ndi kuboola timisewu m'nthaka. Mvula ikagwa, madzi amatsata timisewuto kulowa pansi m'malo mothamangira kudambo atanyamula dothi.

Laciwiri ndi la tizirombo tosaoneka timene timaoletsa masamba ndi manyowa. Popanda ito, phesi likanakhala phesi mpaka kale. Ndito timamasula cakudya ca mbeu kuti mizu ithe kuciyamwa.

Lacitatu ndi la tizirombo tokhala m'timatuza ta pa mizu ya nshawa, nyemba, kayera, soya ndi nandolo. Zulani nshawa yosakhwima ndi kudula katuza kamodzi. Mukaona m'kati muli mofiirira, dziwani kuti nchito iri m'kati: tizirombo tikukoka nayitulojeni mumpweya, cakudya cija timacigula m'thumba la Urea. Anthu a ku Germany awiri, Hellriegel ndi Wilfarth, anaonetsa cimeneci m'caka ca 1886, ndipo mu 1888 Martinus Beijerinck wa ku Holland anapatula kacirombo kake. Mankhwala akuda amene timapaka ku mbeu ya soya tisanabzale ndiwo tizirombo timeneti.

Lacinai ndi la ulusi wa bowa. Ulusi wake ndi wopyapyala kuposa tsitsi. Umalumikizana ndi mizu, nupita kutali kumene muzu sungafike, kukatenga madzi ndi cakudya. Mbeu imalipira ndi shuga wocokera ku masamba. Amai amene amazula bowa amadziwa kale kuti mitengo ya mombo ikatha m'thengo, bowa nayenso amatha. Cifukwa cake ndi ubale womwewu.

Anchito onsewa amafuna zinthu zitatu: cakudya, mthunzi ndi cinyontho. Munda wopsa ndi moto, wosesedwa mbee, ulibe ciriconse ca izi.

CIFUKWA CIANI MAIKO ANAGWIRIZANA?

Mutu umodzi susenza denga. Nthaka ya ku Lundazi si yofanana ndi ya ku Brazil, ndipo zimene zacitika m'munda umodzi caka cimodzi sizingatiuze za maiko onse. Pofuna kudziwa coona, cinthu cimodzi ciyenera kuyesedwa m'malo ambiri, ndi muyeso umodzi, kwa zaka zambiri.

M'caka ca 1984 akatswiri anayambitsa gulu lochedwa Tropical Soil Biology and Fertility, limene linadzakhala ndi likulu ku Nairobi. Colinga cao cinali kuphunzira zamoyo za m'nthaka ya maiko otentha, pakuti mabuku ambiri a nthawi imeneyo anali onena za nthaka ya ku Ulaya ndi ku Amereka. Anagwirizana njira zoyesera. Imodzi mwa izo ndi iyi: kukumba cibuma ca masentimita 25 m'litali, 25 m'lifupi ndi 30 kupita pansi, kuciphwanya ndi manja, ndi kuwerenga kacirombo kalikonse kooneka. Munthu wa ku Zambia ndi wa ku Peru akacita cimodzimodzi, ziwerengero zao zimatheka kuyerekezedwa.

Citsanzo cina ndi ca timatumba ta tiyi. Mu 2013 akatswiri a ku Utrecht, ku Holland, anafalitsa njira yapafupi yoyesera msanga wa kuola kwa zinthu m'nthaka. Amakwirira timatumba ta tiyi wa mitundu iwiri masentimita 8 pansi, nadikira miyezi itatu, kapena iwiri kumalo otentha, kenaka amafukula ndi kuyesa kulemera kumene kwatsala. Ana a sukulu ndi akatswiri m'maiko ambiri acita zimenezi. Nkhani yake ndi yofunika kwa ife, cifukwa pamene pali kutentha ndi cinyontho zinthu zimaola msanga. Kuno kwathu conde cimapsa mofulumira kuposa kumaiko ozizira, motero nthaka yathu iyenera kudyetsedwa caka ndi caka.

Bungwe la FAO linakhazikitsa mgwirizano wa maiko pa za nthaka mu 2012, ndipo 5 Disembala ndi tsiku lokumbukira nthaka pa dziko lonse. Pa msonkhano wa za nyengo ku Paris mu 2015, dziko la France linabweretsa ganizo lochedwa 4 pa 1000: kuti kaboni wa m'nthaka ataonjezeka ndi magawo 4 pa 1000 caka ciriconse, zikanathandiza kwambiri kucepetsa mpweya woipa kumwamba. Akatswiri ena anatsutsa kuti muyeso umenewu sungafikiridwe m'malo ambiri. Mkanganowo ndi wabwino, pakuti ndi mmene coona cimapezekera. Koma pa mfundo yakuti nthaka ya kaboni wambiri imathandiza mlimi, onse amabvomerezana.

ZIMENE ZINACITIKA KU MSEKERA

Mgwirizano umenewu unafika ndi kwathu kuno. Makolo athu anali kugoneka munda zaka zambiri kuti ubwerere mphamvu. Anthu ataculuka, malo ogoneka anacepa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 boma linacotsa thandizo pa mtengo wa fataleza, ndipo alimi ambiri analephera kugula.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, bungwe la ICRAF, loona za kulima mitengo pamodzi ndi mbeu, limene likulu lake liri ku Nairobi, linayamba kugwira nchito ndi akatswiri a boma la Zambia pa malo ofufuzira a Msekera, pafupi ndi Chipata. Funso lao linali lakuti: kodi tingabzale mitengo yokula msanga, ya mtundu wa nyemba, kuti munda ubwerere m'zaka ziwiri kapena zitatu?

Anayesa mtengo wa sesibaniya, umene ena amaucha jerejere. Mbeu ina anaitenga ku Chipata konkuno, ina ku Kakamega m'dziko la Kenya. Mu 1994 Freddie Kwesiga wa ku Uganda ndi mnzace Richard Coe anafalitsa zimene anapeza. Pa munda umene unagona zaka ziwiri ndi sesibaniya, cimanga copanda fataleza wa nayitulojeni cinabereka matani oposa 5 pa hekitala, ndiko kuti matumba oposa 100 a makilogalamu 50. Pa munda wolimidwa cimanga caka ndi caka popanda fataleza panatuluka matani 1.2, ndiwo matumba 24. Tikumbukire kuti awa anali minda yoyesera, yosamalidwa bwino. M'minda ya alimi zokolola zinakwera ndithu, koma kawirikawiri sizinafike pamenepo.

Alimi sanangolandira malangizo. Akatswiri anayamba ndi mbande za m'timapepala ta pulasitiki, zimene zinali zodula ndi zolemera kunyamula. Poyesa ndi alimi, zinaoneka kuti mbande zozula pa nazale popanda dothi nazonso zimagwira. Alimi ena anabzala mitengoyo pakati pa mbeu caka coyamba kuti munda usangogona osapereka kanthu. Ndiwonso anachula mabvuto eni-eni: moto wa osaka mbewa, ng'ombe ndi mbuzi zosiyidwa m'cilimwe, ndi kacirombo kodya masamba a sesibaniya. Pa za moto ndi ziweto, mafumu akulu, Kalonga Gawa Undi ndi Inkosi ya Makosi Mpezeni, anaika malamulo m'zaka za m'ma 1990 oteteza minda ya mitengo. Mabungwe ndi mipingo anathandiza kufalitsa mbeu ndi maphunziro.

Anayesanso ombwe, nandolo ndi giliricidiya, mtengo wocokera ku Central America. Ubwino wa giliricidiya ndi wakuti ukadulidwa umaphukanso, motero subzalidwa kawiri. Mlimi amasadza nthambi, nakwirira masamba m'mizere, cimanga ndi kumakula pakati pake.

Pambuyo pake Gudeta Sileshi wa ku Ethiopia ndi Paramu Mafongoya wa ku Zimbabwe anakumba zibuma m'minda yoyesera ya Kum'mawa kuno ndi kuwerenga zamoyo. Anapeza kuti m'minda ya mitengo yophukanso, monga giliricidiya, nyongolotsi ndi tizirombo tina tothandiza tinali tambiri kuposa m'minda ya cimanga cokhacokha. Mu 2012 Sileshi ndi anzace anasonkhanitsa zokolola za zaka zoposa khumi za ku Msekera ndi za ku Makoka, pafupi ndi Zomba ku Malawi. Anaona kuti cimanga colimidwa pamodzi ndi giliricidiya cinali kubereka mokhazikika, cosakwera ndi kutsika kwambiri pakati pa caka cabwino ndi coipa. Kwa banja limene likudalira nkhokwe imodzi, kukhazikika kumeneko ndi nkhani yaikulu.

ZA MADZI

Bungwe lina, la CIMMYT, limene likulu lake liri ku Mexico, lakhala likuyesa ulimi wosatembenuza nthaka ndi wophimbira mapesi ku Monze, ku Msekera, ku Malawi ndi ku Zimbabwe. Christian Thierfelder ndi Patrick Wall anaonetsa mu 2009 kuti pa minda yophimbira ya ku Monze ndi ya ku Zimbabwe madzi anali kulowa pansi kwambiri kuposa pa minda yogaula ndi pulao. Cifukwa cake ncosabvuta kumva. Dontho la mvula likagwa pa dothi lamaliseche limaphwanya timibulu ta dothi, ndipo pamwamba pamauma ngati cikhakha ca mumphika. Likagwa pa phesi limasweka, ndi kutsetserekera pansi pang'onopang'ono. Cophimbaco cimachinganso dzuwa kuti lisamwe cinyontho.

Nzeru zina zinacokera kwa alimi a ku Burkina Faso, kufupi ndi cipululu ca Sahara. Kumeneko amakumba maenje ochedwa zai m'cilimwe, naikamo manyowa. Mlimi wina, Yacouba Sawadogo, amene anamwalira mu 2023, anachuka pobwezeretsa nkhalango pa malo oguga ndi njira imeneyi. Katswiri wa komweko, Abdoulaye Mando, anaonetsa kuti pa nthaka youma gwa, ciswe cokopedwa ndi zinyalala ndico cimaboola njira za madzi. Maenje athu a gamphani, amene Conservation Farming Unit inayamba kuphunzitsa mu 1996, amagwira nchito mofananako: madzi ndi manyowa zimakhala pamene pali muzu.

Ambiri amaopa kuti mapesi aitana ciswe. Ciswe cimagwetsa cimanga ndithu, makamaka mbeu ikafooka ndi ludzu. Koma ciswe cimakonda zouma, ndipo m'munda wosesedwa cimasowa cina cakudya kupatula cimanga cathu.

ZIMENE NJIRA IZI SIZINGACITE

Tinene zoona kuti wina asadzakhumudwe. Mvula ikasowa mwezi wathunthu pa nthawi ya ngaiyaye, monga zinacitikira m'madera ambiri mu 2024, ngakhale munda wosamalidwa bwino ukhoza kulephera. Nthaka yamoyo imathandiza mbeu kuoloka ng'amba yaifupi, koma siipanga mvula.

Zotsatira zake zimacedwa. Ofufuza anapeza kuti phindu la kuphimbira limayamba kuoneka bwino patapita zaka ziwiri kufikira zisanu. Zaka zoyamba udzu umaculuka ndipo nchito yopalira imakula. Caka ca mvula yambiri, munda wophimbira wa pamalo otsika ukhoza kulowa madzi. Anapezanso kuti m'minda yambiri ya kum'mwera kwa Afirika kaboni amaonjezeka pang'ono cabe ngati zophimbira ziri zocepa.

Ndiponso mitengo siithetsa nchito ya fataleza. Imapatsa nayitulojeni, koma zakudya zina za mbeu, monga fosifolasi, siingazipange. Cimene cinaoneka ndi cakuti fataleza wocepa pa nthaka ya manyowa ndi masamba amabweza zambiri kuposa pa nthaka yoguga.

Pomaliza, munda wa mlimi wa ku Katete kapena ku Petauke sungaziziritse dziko lonse. Udindo waukulu wocepetsa utsi uli ndi maiko amene amautulutsa kwambiri. Ife tisamale nthaka poyamba cifukwa ca nsima ya ana athu.

ZOYENERA KUCITA

1. Musatenthe mapesi ndi udzu. Zigonekeni m'munda. Ngati ziweto zikufuna cakudya, gawani, koma munda usatsale wamaliseche. Lambulani m'mbali mwa munda moto usanayambe.

2. Yambani pang'ono. Sankhani lima imodzi kapena theka lake, pafupi ndi munda wolimidwa mwa masiku onse, kuti muziyerekeza ndi maso anu.

3. Kumbani maenje a gamphani mukangokolola, nthaka isanaume kwambiri. Apyole pa dothi lolimba la pansi pa mizere yakale. Caka camawa bwererani m'maenje omwewo.

4. Sinthanitsani mbeu. Pamene panali cimanga pabwere nshawa, soya kapena nyemba. Masangwi ake abwerere m'munda.

5. Konzani nazale ya giliricidiya pafupi ndi madzi mvula isanayambe, ndipo okerani mvula ikakhazikika. Mbeu ndi malangizo a mipata yake funsani kwa alangizi a zaulimi a kwanu.

6. Musadule msangu wa m'munda. Mtengo uwu umayoyola masamba nthawi ya mvula, motero suchinga dzuwa pa cimanga. Pobzala watsopano, siyani mamita 10 mbali zonse, ndiyo mitengo 100 pa hekitala. Umatenga zaka zambiri, koma adzadyerapo ndi ana.

7. Sungani manyowa a m'khola pa mthunzi, ophimbidwa, kuti dzuwa ndi mvula zisathe mphamvu yake.

8. Kambiranani ndi anyakwawa za moto ndi ziweto. Munthu mmodzi sangateteze mapesi ake ngati mudzi wonse sunagwirizane.

9. Musadalire cimanga cokha. Mapira, mawere, cinangwa ndi mbatata zimapirira pamene cimanga calephera. Mverani zolengeza za nyengo pa wailesi musanasankhe mbeu.

YESANI NOKHA

Mvula ikakhazikika, tengani khasu, ndi kupita ndi anzanu a m'gulu. Kumbani cibuma pansi pa mtengo kapena pamene panaunjikidwa mapesi, ndi cina pakati pa munda wotenthedwa. Phwanyani ziwirizo pa thumba. Werengani nyongolotsi ndi tizirombo tina, onani mtundu wa dothi, ndi kulinunkhiza. Kenaka tengani zitini ziwiri zofanana zoboola mbali zonse, zikhomereni pang'ono pa malo awiriwo, thiranimo madzi ofanana, muone pamene ayambe kutha. Lembani zimene mwaona m'kabuku ka gulu, ndipo caka camawa mudzacitenso pa malo omwewo. Ndi mmene anacitira a ku Msekera, ndipo ndi mmene tidzadziwira ngati munda wathu ukucira.